Masaya Akanenepa, Funsani Ntchafu

Loweruka lapitali ndinaona mayi wina akugwada pansi, kenako n'kudzuka. Nkhani yanga ya sabata ino ndi imeneyo basi.

Mwina mukufunsa ngati nkhani zatha mu Chipata muno. Sizinathe. Misewu ikadali ndi maenje ake, magetsi akadali kubwera ngati mlendo. Koma mayi amene ndikunenayu ndi mlongo wanga Ester, amake Dalitso, wa ku Kapata, ndipo chaka chatha nthawi ngati ino sankatha kudzuka pampando popanda munthu womukoka. Ndiye mundilole ndinyade pang'ono.

Tinapita ku Chipangali kwa azakhali athu aNaMiti, mlongo wawo wa malemu bambo athu. Ino ndi nyengo ya nsawa, ndipo bwalo lawo lonse linali mtedza wokhawokha woyanikidwa pamasaka. Azakhali anatiitana ndi uthenga wachidule: bwerani tidzathokoze Mulungu, Ester wachira. Anali atakumana naye mumsika mwezi watha, nkhope itadzadza, masaya akung'anima, ndipo anabwerera kumudzi ndi nkhani yabwino. Anauza amayi a mphakati wawo wa kutchalitchi. Anafulula thobwa. Nkhuku zinaweruzidwa.

Vuto linali limodzi. Ester sanachire. Akupeza bwino, inde, koma sanachire, ndipo masaya aja si a thanzi. Ndi a mankhwala.

Ndibwerere m'mbuyo kuti timvane.

Ester amagulitsa zitenje. Amakazitenga kumalire ku Mwami, ndipo kwa zaka zambiri ankasenza yekha mtolo kuchokera pomwe basi yamutsitsa mpaka pabenchi lake. Choyamba kumukana chinali mtolo umenewo: manja ankafika pachifuwa n'kulekera pomwepo. Kenako chipeso. Ankayamba kupesa, mikono n'kugwa yokha tsitsi lisanathe. Kenako sitepe ya minibasi, makondakitala n'kumamukankha kumbuyo uku akuseka kuti amayi azidya kaye asanakwere. Pazikope ndi pamfundo za zala panatuluka mawanga akuda ofiirira, oyabwa pang'ono.

Ululu weniweni analibe, ndipo izi ndi zimene zinatisokoneza tonse. Ife matenda timawadziwira ku kubuula kapena kutentha kwa thupi. Munthu amene sakubuula koma akukana kunyamula ndowa timamupatsa dzina lina.

Dzinalo analilandira pamaliro a wachibale wina ku Chipangali komweko. Mwambo wathu mukuudziwa: mkazi akafika pamene pakhala akuluakulu amagwada, amaomba m'manja, moni amaperekera pansi. Ester anapereka moni ataimirira, atangowerama pang'ono. Anthu anayang'anana. Azakhali aNaMiti, amene anamulera mayi athu atamwalira ndiponso anamulangiza okha pachinamwali, sanadikire kuti maliro athe.

"Amake Dalitso, zitenje za ku Mwami zakuumitsani mawondo eti?"

Ester sakanatha kunena pagulu kuti masiku apitawo anagwada kunyumba popereka madzi osamba m'manja kwa mwamuna wake, n'kutsalira pomwepo pasimenti mpaka alamu anga anachita kumunyamula ngati thumba la chimanga. Anasankha kutchedwa wamwano kusiyana ndi kugwada pamaliro n'kukanika kudzuka mudzi wonse ukuona.

Zotsatira mukuzidziwa, chifukwa mabanja ambiri timayenda njira yomweyo. Anayezetsa malungo, sanapezeke. Anamwa mapiritsi opha ululu umene analibe. Wina anabwera ndi mafuta opaka, wina ndi lumo ndi mankhwala akuda. Mphinizo zikadali pantchafu zake mpaka lero. Atayamba kutsamwa ndi madzi akumwa, alamu anasiya kumvera aliyense n'kupita naye kuchipatala chachikulu.

Kumeneko dokotala anamuuza kuti akhale pampando, apinde manja pachifuwa, adzuke. Analephera. Anamuuza kuti akweze mikono ngati akuyanika zovala, iye n'kuikankhira pansi ndi zala zokha. Inagwa. Anayang'ana zikope ndi mfundo za zala, n'kulamula kuti atengedwe magazi. Minofu ikamaonongeka imatayira m'magazi chinthu china chimene makina amatha kuwerenga, ndipo kwa Ester chinapezeka chochuluka zedi. Anatumizidwa ku Lusaka, kumene anadula kachidutswa ka mnofu wa pantchafu n'kukaunika. Dzina la matenda linabwera lalitali ngati lole ya pamalire: dermatomyositis.

Ine ndimakonda mfundo, ndiye nazi zimene ndaphunzira pofunsa madokotala ake ndi powerenga.

Matendawa ndi osowa, moti namwino akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osakumana nawo. Si opatsirana. Sabwera ndi udzudzu, madzi oipa kapena mnansi wanjiru. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kumenya tizilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kumenya minofu ndi khungu la mwini wake. Chimene chimachisokoneza sichidziwika bwinobwino. Minofu imene imayamba kufooka ndi ya pafupi ndi thunthu: mapewa, khosi, chiuno, ntchafu. N'chifukwa chake munthu amatha kusoka, kusenda nsawa ndi kulemba pafoni, koma osatha kupesa, kusenza kapena kudzuka pansi. Woonera patali amati ndi ulesi wosankha ntchito.

Akanyalanyazidwa amatha kufika pa minofu yomezera ndi m'mapapo, ndipo pamenepo nkhani imasiya kukhala ya mwano n'kukhala ya moyo. Kwa akuluakulu ena amabwera limodzi ndi khansa yobisika, choncho madokotala amafufuza mabere, khomo la chiberekero, chifuwa ndi m'mimba. Kwa Ester sanapeze kanthu, ndipo akuti adzafufuzanso.

Nanga mankhwala? Alipo, koma palibe amene amazula matendawa kamodzi n'kamodzi monga timachitira ndi malungo. Ntchito yawo ndi kuwagoneka ndi kuwasunga ali mtulo.

Oyamba ndi prednisolone, timapiritsi ting'onoting'ono tozimitsa moto wa m'minofu. Amayamba ndi mlingo waukulu, kenako amachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, dokotala akuyang'ana magazi ndi mphamvu za wodwala.

Achiwiri ndi amene amatsala akulondera prednisolone akamachepa. Ester anapatsidwa methotrexate. Amenewa amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo kulakwitsa pamenepa kukhoza kupha munthu. Amayendera limodzi ndi mapiritsi a vitamini oteteza thupi. Mowa suloledwa, pathupi sipaloledwa, ndipo magazi ndi chiwindi zimayezedwa pafupipafupi. Amene thupi lawo lakana methotrexate amapatsidwa azathioprine kapena ena a ntchito yomweyo.

Zonsezi zikakanika, kapena kumeza kukavuta kwambiri, pali mankhwala a dilipi opangidwa kuchokera ku magazi a anthu opereka magazi, ndi enanso atsopano amphamvu. Amenewo kuno kwathu n'kuchita kuwafunafuna ku Lusaka, ndipo sapezeka nthawi zonse. Popeza ambiri mwa mankhwalawa amafooketsa chitetezo, madokotala amayamba ayeza TB, HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo wodwala akatentha thupi sadikira kuti aone mawa.

Pali zina ziwiri zosameza. Choyamba ndi masewera olimbitsa minofu. Mankhwala amazimitsa moto, koma samanga nyumba imene yapsa. Ester amapita kwa mayi wina wa fiziyo, wophunzitsa masewerawa kuchipatala, ndipo kunyumba amakweza mabotolo a madzi, amakhala pampando n'kudzuka, kukhala n'kudzuka, mpaka thukuta. Chachiwiri ndi mthunzi. Dzuwa limadzutsa mawanga aja, ndiye malaya a manja aatali ndi chipewa zili m'gulu la mankhwala. Mumuuze zimenezi mayi wa m'dziko la khasu, muone mmene akuyang'anireni.

Tsopano tifike pa masaya.

Prednisolone amatsegula njala, ndipo amasuntha mafuta a m'thupi n'kuwaunjika kumaso, kukhosi ndi pamimba. Nkhope imazungulira ngati mwezi, pamene ntchafu zikadali zoonda. Amathanso kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi kufewetsa mafupa. Koma mfundo yaikulu ndi iyi: sasiyidwa mwadzidzidzi. Thupi limapanga lokha chinthu chofanana nawo m'tiziwalo tili pamwamba pa impso. Likamalandira cha kunja kwa nthawi yaitali, limasiya kupanga chake. Mukawadula kamodzi n'kamodzi, thupi limatsala lopanda cha kunja ndi chake chomwe. Munthu amafooka, amasanza, amakomoka, mwina osadzukanso. Akapulumuka pamenepo, matenda aja amadzuka atapuma mokwanira.

Mankhwala amenewa ndi amene anali m'kachikwama ka Ester pamene tinkatsika galimoto ku Chipangali Loweruka m'mawa.

Azakhali anatichingamira ndi nthungululu kuchokera pankhokwe. Anamugwira Ester masaya ndi manja awiri, n'kumuzunguliza kuti amayi a mphakati amuone mbali zonse.

"Taonani mwana wa achimwene anga. Ngati khanda loyamwa bwino. Amene ankati ndikagule nsalu ya maliro ali kuti?"

Amayiwo anaseka, ena n'kumufunsa ngati ku Kapata ayamba kuphika ndi mafuta okhaokha. Ester anaseka nawo. Anatipatsa tiyi ndi mbatata pakhonde. Atangodya, Ester anatulutsa kabotolo kake n'kumeza mapiritsi a m'mawa, monga amachitira tsiku lililonse. Ndinaona nkhope ya azakhali ikusintha.

Anatiitanira awirife kuseri kwa khitchini. Analankhula motsitsa mawu, ndipo mfundo zawo zinali zokonzedwa kale. Anati mankhwala amatha matenda akatha, ndipo munthu wochira akamapitiriza kumeza mapiritsi ndiye kuti akuitana matenda ena. Anati pachitsime ayamba kale kunong'ona kuti masaya otere ndi mapiritsi a tsiku ndi tsiku ndi aja a ma ARV, ndipo iwo sadzalola kuti dzina la mwana wawo lizitafunidwa limodzi ndi nzimbe. Anati akonza zonse: mapemphero akatha, Ester apereka kabotolo kaja pamaso pa anthu, akakataya m'chimbudzi, ndipo Lolemba m'mawa alowa nawo m'munda kukakumba nsawa zotsala kuti mudzi uone ndi maso.

Kenako anatembenukira kwa ine. Anati ine ndine mlongo wake, mwini mbumba, ndiye ndilamule.

Musawaone ngati munthu woipa azakhali anga. Mayi ameneyu anaika m'manda abale ambiri m'zaka zimene matenda ankayamba ndi kuonda n'kuthera kumanda. Kwa iwo nkhope yodzadza ndi yankho la pemphero. Ndipo Ester, m'moyo wake wonse, anali asanawakanirepo kanthu. Sukulu anasiya pamene iwo ananena, chikwati anavomera iwo atavomera. Ndinadziwa kuti akangoti "chabwino azakhali", kabotolo kapita.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe za tiziwalo ta pamwamba pa impso. Ester anandigwira mkono.

"Achimwene, dikirani."

Anatuluka kuseriko n'kupita pakati pa bwalo, pamene amayi anakhala pamphasa akusenda nsawa. Anapempha azakhali kuti akhale pampando wawo. Atakhala, Ester anakonza chitenje chake, anatsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse anafika pansi, n'kuomba m'manja monga anaphunzitsidwira.

"Azakhali, moni uja sindinakupatseni pamaliro ndi uwu. Mwadzuka bwanji?"

Azakhali anayankha moniwo akumwetulira, akuyang'ana amayi anzawo ngati akuti mwaona, mawondo afewa. Nthungululu inayamba. Ester anakweza dzanja.

"Tsopano musayang'ane masaya. Yang'anani ntchafu."

Anaponya phazi limodzi kutsogolo. Anaika manja onse pabondo n'kukankha. Thupi linakwera pang'ono, ntchafu inayamba kunjenjemera chitenje chonse n'kumagwedezeka, ndipo anabwerera pansi. Mayi wina anataya lichero kuti amugwire. Ester anapukusa mutu. Anapuma, anasuntha phazi, anayambanso. Ulendo uno anachita kukwera thupi lake lomwe ngati munthu wokwera mtengo: dzanja pabondo, dzanja lina pantchafu, kenako m'chiuno, msana n'kuwongoka pomalizira. Anaimirira. Thukuta linali litatsika mpaka m'khosi.

Pabwalo ponse nkhuku zotsala zokha ndi zimene zinkalankhula.

"Chaka chatha sindikanadzuka ngakhale pang'ono," anatero akupumira m'mwamba. "Lero ndadzuka ngati nkhalamba. Inu munandiphunzitsa kudzuka ndi beseni la madzi m'manja, osataya dontho. Tsiku limene ndidzadzuke choncho, ndidzapita kwa adokotala kukafunsa za mapiritsi, ndipo adzanena ndi iwo. Lero ayi, azakhali. Kabotolo sindikupatsani."

Ndakhala m'misonkhano yambiri ya atolankhani, ndamva akuluakulu akulankhula mpaka dzuwa kupendeka. Sindinaonepo mfundo yoperekedwa momveka chotere. Dokotala uja anagwiritsa ntchito mpando. Mlongo wanga anagwiritsa ntchito mwambo womwe unamuweruza.

Azakhali anayang'ana fumbi la pamawondo a Ester.

"Ndiye tsiku lija la maliro..."

"Inde, azakhali."

"Iwe mwana, bwanji sunanene?"

"Munandilangiza nokha kuti za m'thupi sitinenera pabwalo."

Mayi wina anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Azakhali anamuyang'ana, kenako nawonso anaseka, akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku. Anati malangizo ena akuyenera kubwerera kwa eni ake akaonjezeredwe mawu.

Mayi wina wolimba mtima anafunsa zimene ambiri ankafuna kufunsa, ngati mapiritsiwo si aja akunenedwa pachitsime. Ester anayankha kuti si amenewo, anatchula dzina la matenda ake mpaka amayi anamupempha abwerezenso kuti aseke bwino, n'kuonjezera kuti akanakhala amenewo akanawamezeranso pakhonde pomwepo, tiyi ali m'manja. Amayi angapo anagwedeza mitu, ndipo mmodzi anayang'ana pansi akumwetulira.

Azakhali analengeza kuti nkhuku zafa kale ndipo sizingabwezedwe, choncho phwando lilipo, koma pemphero lisintha. Anathokoza Mulungu chifukwa cha mtunda umene wayendedwa, n'kupempha mphamvu za mtunda wotsala. Za m'munda Lolemba sizinatchulidwenso. Ester atafotokoza za dzuwa, azakhali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chipewa chachikulu cha mlaza cha malemu amuna awo. Anamukhazika pampando wawo pansi pa mango, anamuikira lichero pamiyendo, n'kumuuza kuti popeza zala zilibe mlandu, asende.

Pobwerera ndinkaganiza za mawu amodzi amene timawakonda kwambiri: "Mwanenepa!" Ndi moni, ndi chiyamikiro, ndiponso ndi chiphaso chotulutsira munthu m'chipatala. Mawuwa ali ndi mbiri yake, ndipo sindikuwanyoza. Anthu amene anaona njala ndi matenda oondetsa ali ndi chifukwa chokondwera ndi masaya. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Impso zikamalephera nkhope imatupa. Mtima ukamalephera miyendo imatupa. M'misika ina anthu amagula mwakabisira mapiritsi a mtundu womwewu kuti anenepe, osadziwa kuti akugula shuga ndi mafupa ofewa. Ife tonsewo timawauza kuti moyo ukuwayanja.

Ndipo ndi angati amene tawasiyitsa mankhwala ndi chikondi chathu? Wa TB akasiya kutsokomola timati wachira. Wa kuthamanga kwa magazi mutu ukasiya kupweteka timati asiye, mapiritsi ambiri amaononga chiwindi. Sitichita izi ndi nkhanza. Timachita ndi thobwa, ndi nthungululu, ndi nkhuku. N'chifukwa chake zimavuta kukana. Mdani ukhoza kumutsekera chitseko. Nanga azakhali amene anakulera?

Palinso mbali ya amene amayendetsa za umoyo. Mankhwala amene sasiyidwa mwadzidzidzi sayeneranso kusowa mwadzidzidzi. Wodwala ngati Ester akafika pazenera lolandirira mankhwala n'kuuzidwa kuti atha, abwere sabata yamawa, zotsatira zake n'chimodzimodzi ndi kuwataya m'chimbudzi cha ku Chipangali. Akatswiri a matenda otere ndi ochepa ndipo ambiri ali kutali, izi tikudziwa. Koma kuyeza koyamba kuja sikunafune makina kapena magetsi. Kunafuna mpando ndi funso. Chipatala chilichonse chaching'ono, kuyambira ku Kapata mpaka kumidzi ya kumalire, chili ndi mpando. Munthu akabwera akuti sakumva kupweteka koma mikono ikugwa popesa, malungo akapanda kupezeka, n'chiyani chingatilepheretse kumuuza kuti apinde manja pachifuwa adzuke?

Kwa inu owerenga, sindikuti aliyense wotopa ali ndi matenda a dzina lalitaliwa. Ambiri sadzakumana nawo. Ndikungoti mkazi amene wakhala akugwada moyo wake wonse akasiya mwadzidzidzi, mufunseni kuseri musanamuweruze pabwalo. Bambo amene ankakwera njinga mpaka ku Mwami akayamba kukanika kudzuka pachitsa, musathamangire kunena kuti ndi kachasu. Ndipo wodwala wanu akanenepa ali pa mankhwala, kondwerani naye, muphereni nkhuku ngati ilipo, koma kabotolo musakakhudze.

Ester akadali ndi ulendo. Prednisolone akuchepa pang'onopang'ono, ndipo adokotala akuti masaya adzaphwa mlingo ukatsika. Ndikudziwa kale zimene zidzanenedwe pachitsime nthawi imeneyo: waondanso, matenda abwerera. Adzakhala akulakwitsanso, chifukwa nkhope idzakhala ikuchepa pamene ntchafu zikukula. Matendawa akhoza kugona zaka, akhozanso kudzuka. Iye akudziwa zimenezi kuposa ine. Wabwerera pabenchi lake la zitenje, wavala chipewa, mtolo amamunyamulira wa njinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzulo, potsanzikana, Ester anayamba kukonza chitenje kuti agwadenso. Azakhali anamugwira paphewa.

"Kamodzi pa tsiku n'kokwanira. Mawondo amenewo ndi anga, ndinawaphunzitsa ndine, usandionongere."

Kenako anatumiza munthu kukatenga beseni laling'ono la chitsulo, lija amasambitsira alendo m'manja, n'kulikankhira m'chikwama cha Ester pamwamba pa nsawa zimene anamupatsa. Anamuuza kuti ayambe nalo lopanda madzi. Akadzabweranso nyengo yobzala, iwo adzakhala pampando womwe uja, amayi a mphakati adzakhala mboni, ndipo adzathiramo madzi pang'ono kuti aone.

"Ndipo mapiritsi ako ubwere nawo," anatero. "Ndikufuna ndidzakuone ukumeza."

Dzulo ndinadutsa ku Kapata. Ndinapeza mlongo wanga pakhonde, bondo limodzi pansi, beseni lopanda kanthu m'manja, mano ataluma mlomo. Sanadzuke nalo. Analiika pansi, anagwira bondo, anaimirira, n'kulitolanso.

Inu amene mumadziwa kuyeza thanzi la munthu pongomuyang'ana kumaso, munayamba mwamufunsapo kuti adzuke muone?